Pulogalamu yapanga compile bwinobwino koma ikukana kuyenda: vuto lili pati?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Zikomo akulu. Ndine wophunzira ndipo ndayamba kumene C++. Pa laputopu yanga ya Windows 11 ndinaikapo VS Code ndi g++ ya MinGW potsatira vidiyo ina ya pa intaneti. Ndikapanga compile sipatuluka dandaulo lililonse, ndipo fayilo ya main.exe ndimaiona mu foda. Koma ndikaidina kawiri, kawindo kakuda kamangoonekera n'kuzimiririka nthawi yomweyo. Ndikaiyendetsa mu terminal ya VS Code sipatuluka kalikonse, ngakhale mawu oyambirira amene ndinaiuza kuti ionetse. Nditamutumizira mnzanga fayiloyo, kwa iye inati libstdc++-6.dll palibe. Code yomweyo nditapita nayo pa kompyuta ya Linux ya kusukulu inapanganso compile, koma nditalemba dzina la pulogalamuyo ndinayankhidwa kuti 'command not found'. Ndachotsa ndi kuikanso zonse kangapo koma palibe chasintha. Kodi laputopu yangayi ndi yowonongeka, kapena ntchitoyi si yanga?"

Zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufotokoza zonse mwatsatanetsatane. Mtima ukhale m'malo. Laputopu yanu ilibe vuto, ndipo ntchitoyi ndi yanu ndithu. Pa zaka zimene ndakhala ndikulemba mapulogalamu ndi kuthandiza ophunzira, ndaona kuti ambiri sagwa mphwayi chifukwa cha code yeniyeniyo. Amagwa mphwayi pomwe mwafika inupa, compiler itavomera zonse koma pulogalamu n'kungokhala duu. Chimene ndikupempheni choyamba n'chakuti muleke kuchotsa ndi kuikanso zinthu. Njirayi imaoneka ngati yanzeru, koma kawirikawiri imasiya ma compiler awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi, ndipo munthu amene anali ndi vuto limodzi amapezeka ali ndi angapo.

Kwa inu zikuoneka ngati pulogalamu imodzi ikukana paliponse, koma kalata yanu ili ndi nkhani zinayi zosiyana: ya kawindo kozimiririka, ya terminal yosalankhula, ya kwa mnzanu, ndi ya pa Linux. Kuti muzisiyanitse, muyenera kudziwa kaye chimene compile imalonjeza ndi chimene silonjeza.

Mukalemba `g++ main.cpp -o main.exe`, compiler imamasulira code yanu kukhala malangizo amene processor imamva, kenako linker imalumikiza zidutswa zonse n'kutulutsa fayilo imodzi. Koma linker silowetsa chilichonse m'fayiloyo. Inu simunalembe mmene `cout` imaonetsera mawu pa sikirini. Zimenezo zili mu library imene ena analemba kale, ndipo linker imangolemba mkati mwa main.exe kuti pa nthawi yoyenda padzafunika library yakutiyakuti. Fayilo yanuyo ili ngati mmisiri amene wafika pa ntchito ndi pepala la zida zimene akufuna, koma zidazo sananyamule, akudalira kuti azipeza pamalopo. Choncho compile ikatha mwakachetechete, imangotsimikiza kuti code yamasuliridwa, basi. Kuti pulogalamu iyende, terminal iyenera kuipeza fayiloyo, Windows kapena Linux ivomere kuti ndi ya mtundu wake, gawo lotchedwa loader lipeze ma library onse olembedwa m'fayilomo, ndipo zikatero m'pamene `main` yanu imayamba. Pulogalamu ikhoza kufera pa malo aliwonse mwa amenewa, ndipo malo aliwonse amasiya chizindikiro chake. Ntchito yanu ndi kupeza pamene yafera musanakhudze china chilichonse.

Tiyambe ndi kawindo kakuda kaja, chifukwa kameneka kakhoza kukhala nkhani yabwino. Pulogalamu ya mu terminal mukaidina kawiri, Windows imaitsegulira windo, pulogalamu imachita ntchito yake, ndipo ikangomaliza windoyo imatsekedwa. Pulogalamu yoonetsa mizere iwiri imamaliza diso lisanaphethire. Onaninso kuti kwa mnzanu Windows inatulutsa uthenga wa DLL yosowa (DLL ndi fayilo ya library pa Windows), koma kwa inu mutadina kawiri sinatulutse. Zimenezi zikusonyeza kuti pa laputopu yanu, mwa njira imeneyi, ma library anapezeka ndipo pulogalamu inayamba. Mwina inamaliza bwinobwino, mwina inagwa mkati. Simungadziwe poyang'ana kawindo kothawa. Ena amalangiza kuika `system("pause")` kumapeto kwa code. Ine sindilimbikitsa zimenezo, chifukwa zimangogwira pa Windows, ndiponso pulogalamu ikagwa isanafike pamzerewo, windo imatsekekabe ndipo simuphunzirapo kanthu. Zolowerani kuyendetsa mapulogalamu anu mu terminal imene mwatsegula nokha.

Ndiye chitani izi. Tsegulani PowerShell panokha, osati ya mkati mwa VS Code, lowani mu foda ya pulogalamuyo ndi `cd`, ndipo lembani `.\main.exe`. Kadontho ndi kamzere koyambirirako n'kofunika, chifukwa PowerShell siyendetsa fayilo ya mu foda imene muli mukangotchula dzina lake. Ikangobwerera, musanalembe china chilichonse, lembani `$LASTEXITCODE`. Ngati muli mu Command Prompt yakale ija, lembani `echo %errorlevel%`. Pulogalamu iliyonse ikamatha imasiya nambala, ndipo nambala imeneyi ndi imene ine ndimafunsa ndisanaone n'komwe code ya munthu. Ikakhala 0, pulogalamu inayenda mpaka kumapeto. Ikakhala -1073741515, pali DLL imene sinapezeke. Ikakhala -1073741511, DLL inapezeka koma si yoyenera, mulibe chimene pulogalamu ikufunamo. Nambala ya -1073741701, imene imaonekanso ngati 0xc000007b, kawirikawiri imatanthauza kuti mwasakaniza za 32-bit ndi za 64-bit. Manambala atatuwa onse akunena chinthu chimodzi, kuti `main` yanu sinayambe n'komwe, choncho kusintha code n'kutaya nthawi. Koma ikakhala -1073741819 kapena -1073741571, pulogalamu inayamba n'kugwera mkati, ndipo pamenepo ndiye code ili ndi mlandu. Ndibwereranso ku ziwirizi.

Kenako chitani chimodzimodzi mu terminal ya VS Code ndipo muyerekezere. Ine ndikuganiza kuti mupeza kusiyana, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Windows ikamafuna DLL imayamba kuyang'ana mu foda imene muli exe yanu, kenako m'mafoda ake a Windows, ndipo chakumapeto imatsata mndandanda wa mafoda wotchedwa PATH, kuyambira pamwamba kutsika. Yoyamba kupezeka yokhala ndi dzina limenelo ndi imene imatengedwa, kaya ndi yoyenera kaya ayi. Tsono pulogalamu iliyonse imatenga PATH pa nthawi imene ikutsegulidwa ndipo imakhala nayo yomweyo mpaka itatsekedwa. Mukasintha PATH VS Code ili yotsegula, iyo imapitiriza ndi yakale ija, ndipo terminal yatsopano imene mungatsegule mkati mwake imatengeranso yakale yomweyo. Pamafunika kutseka mawindo onse a VS Code n'kuitsegulanso. Chowonjezera apo, mu terminal ya VS Code uthenga wa DLL yosowa nthawi zambiri suoneka. Pulogalamu imangofa mwakachetechete n'kusiya nambala ija. N'chifukwa chake inu munaona ngati palibe chachitika.

Apa ndi pamene kuikanso kuja kumalumira. Lembani `where.exe g++` mu PowerShell. Musaiwale `.exe` kumapetoko, chifukwa mu PowerShell mawu oti `where` paokha ali ndi ntchito ina ndipo sakuonetsani kanthu. Lembaninso `where.exe libstdc++-6.dll`. Lamulo lililonse likatulutsa mzere umodzi, ndipo mizere iwiriyo ikuloza foda imodzi, zili bwino. Koma ndimaona kawirikawiri zotere: mzere woyamba `C:\MinGW\bin`, wachiwiri `C:\msys64\ucrt64\bin`, ndipo mwina wachitatu wochokera ku pulogalamu ina imene inabwera ndi DLL yakeyake ya dzina lomwelo. VS Code imapanga compile ndi compiler yatsopano chifukwa ndi imene yalembedwa mu fayilo ya makonzedwe ake yotchedwa tasks.json, koma pa nthawi yoyenda Windows imatola DLL yakale imene ili pamwamba pa PATH. Mavidiyo ambiri akale amaphunzitsa kuika MinGW yoyamba ija, imene imabwera ndi GCC 6.3.0 ya m'chaka cha 2016 ndipo ndi ya 32-bit. Lembani `g++ --version` muone. Ngati imeneyo ndi imene ikuyankha, mwapeza gwero la vuto lanu.

Mankhwala ake si kuika china chatsopano. Sankhani compiler imodzi. Kwa munthu wa Windows amene akufuna g++, ine ndimalangiza MinGW-w64 yoikidwa kudzera mu MSYS2, chifukwa imakonzedwa pafupipafupi ndipo ndi ya 64-bit. Tsegulani malo osinthira Environment Variables, chotsani pa PATH mafoda a ma compiler ena onse, siyani foda ya `bin` ya imodzi yokhayo, ndipo ikwezeni pamwamba. Kumbukirani kuti PATH ilipo ya mitundu iwiri, ya kompyuta yonse ndi ya inu mwini, ndipo ya kompyuta yonse ndi imene imawerengedwa poyamba. Anthu ambiri amakonza yawo yokha n'kusiya yakale ili phee m'mwambamo. Musanafufute mzere uliwonse, koperani PATH yonse muisunge mu Notepad, ndipo musakhudze mizere yoloza ku `C:\Windows`, chifukwa mukaichotsa malamulo ambiri a kompyuta yanu asiya kupezeka. Mukamaliza tsekani ma terminal onse, tsegulaninso, panganinso compile, ndipo yesani.

Za mnzanu tsopano zikumveka zokha. Iye alibe MinGW, ndiye libstdc++-6.dll angaitenge kuti? Mukafuna kuona zonse zimene exe yanu ikudalira, lembani `objdump -p main.exe | findstr DLL`. Muona mayina ngati KERNEL32.dll, amene ali pa Windows iliyonse, komanso libstdc++-6.dll ndi libgcc_s_seh-1.dll, mwinanso libwinpthread-1.dll, amene amabwera ndi compiler yanu yokha. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kukopera ma DLL amenewo kuchokera mu foda ya `bin` ya compiler imene munagwiritsa ntchito n'kuwaika mu foda imodzi ndi exe, n'kutumiza foda yonse. Kapena mukhoza kuuza linker kuti ilowetse zonse mkati polemba `g++ main.cpp -o main.exe -static`. Fayilo imakula, koma imayenda pa Windows ya 64-bit ya munthu wina popanda kupempha kanthu. Pa mapulogalamu ang'onoang'ono a kusukulu ine ndimakonda njira yachiwiriyi. Ndi mayeso abwinonso pa laputopu yanu yomwe: ngati ndi `-static` pulogalamu ikuyenda mu VS Code koma popanda iyo ikukana, ndiye kuti vuto ndi DLL ndi PATH, osati code.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezeni mwamphamvu. Mukafufuza dzina la DLL pa intaneti, mupeza masamba ambiri olonjeza kukupatsani fayiloyo kwaulere kuti muiponye mu System32. Musatero. Simudziwa amene anaipanga, simudziwa ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit, ndipo DLL ndi code imene imayenda ndi mphamvu zonse za pulogalamu yoitsegula. Ngakhale itakhala yopanda vayirasi, ikakhala mu System32 imapezeka PATH isanawerengedwe, choncho imasokoneza compiler iliyonse imene mudzaike m'tsogolo, ndipo pofika nthawiyo mudzakhala mutaiwala kuti munaiikamo. Amene amagwiritsa ntchito Visual Studio (pulogalamu ina ya Microsoft, yosiyana ndi VS Code) amakumana ndi zofanana, kungoti mayina amakhala VCRUNTIME140.dll ndi MSVCP140.dll. Kwa iwo yankho ndi Visual C++ Redistributable yochokera ku Microsoft kwenikweniko. Dzina likathera ndi D, monga VCRUNTIME140D.dll, ndiye kuti atumiza pulogalamu yopangidwa mu Debug, ndipo Redistributable siwathandiza. Apangenso mu Release.

Nkhani ya pa Linux ndi yosavuta kuposa zonse. Linux siyang'ana mu foda imene muli mukangolemba dzina la pulogalamu, imangoyang'ana m'mafoda a pa PATH. Anachita dala, kuti munthu asakuikireni fayilo yoipa yotchedwa `ls` mu foda ina inu n'kuiyendetsa mosadziwa. Lembani `./main` ndipo iyenda. Ngati simunapereke dzina ndi `-o`, fayilo yanu ikutchedwa a.out, ndiye ndi `./a.out`. Ndipo musatche pulogalamu yanu `test`. Linux ili kale ndi lamulo la dzina limenelo, limene silionetsa kanthu pa sikirini, ndipo ndaona ophunzira akutha madzulo onse akusintha code pomwe chimene akuyendetsa si pulogalamu yawo.

Poti muzigwiritsabe ntchito makompyuta a kusukuluwo, ndikuuziretu mauthenga ena amene mudzakumane nawo. Kumeneko nambala ija mumaiona ndi `echo $?`. Uthenga woti "Permission denied", wokhala ndi nambala 126, umatanthauza kuti fayilo ilibe chilolezo choyenda. Fayilo yotuluka kumene mu compiler imakhala nacho kale, koma imachitaya ikadutsa pa imelo kapena m'njira zina zokoperana. `chmod +x main` imabwezeretsa. Ngati `chmod` siikusintha kanthu, onani ngati mukugwirira ntchito pa fulashi. Mafulashi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, amene sasunga zilolezo za Linux, ndipo makompyuta ena amaletseratu kuyendetsa mapulogalamu kuchokera pa fulashi. Koperani ntchito yanu mu foda yanu ya pa kompyutapo. Musathamangire `sudo` kapena `chmod 777`. Pulogalamu ya wophunzira imene ili ndi cholakwika siyenera kupatsidwa mphamvu pa kompyuta yonse.

Uthenga woti "Exec format error" umatanthauza kuti fayiloyo si ya kompyuta imeneyo. Exe ya Windows ndi ya mtundu wa PE, ya Linux ndi ELF, ya macOS ndi Mach-O, ndipo sizilowana. Ngakhale pa Linux pokhapokha, pulogalamu yopangidwira processor ya x86-64 siyenda pa ARM, monga pa Raspberry Pi. Lembani `file main` ndi `uname -m` muyerekezere. Makompyuta a Apple kuyambira pa M1 ya m'chaka cha 2020 ndi a ARM, ndipo amayendetsa mapulogalamu a Intel kudzera mu Rosetta 2 ngati yaikidwa, koma Mac ya Intel singayendetse ya ARM ndipo imati "Bad CPU type in executable". Chonyamula popita pa kompyuta ina ndi code, n'kukapanga compile komweko.

Pali uthenga wina umene umazunguza mutu ngakhale anthu odziwa. Mukulemba `./main`, fayilo mukuiona ndi maso anu, koma Linux ikuti "No such file or directory". Chimene chikusowa si fayilo yanu. Mkati mwa pulogalamu ya Linux mumalembedwa dzina la loader imene iyenera kuiyambitsa, monga `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2`, ndipo loader imeneyo ndi imene palibe. Zimachitika mukayendetsa pulogalamu ya 32-bit pa Linux ya 64-bit yopanda ma library a 32-bit, kapena mukatenga pulogalamu yopangidwa pa Ubuntu n'kupita nayo pa Alpine Linux, imene imagwiritsa ntchito library yaikulu ya C yotchedwa musl m'malo mwa glibc imene Ubuntu imagwiritsa ntchito. Lamulo la `file main` limakuonetsani dzina la loader imene ikufunidwa.

Library ikasowa pa Linux, uthenga umakhala woti "error while loading shared libraries", ndipo `ldd ./main` imakuonetsani mndandanda wonse, yosowayo italembedwa "not found". Ngati munaiika nokha mu `/usr/local/lib`, nthawi zambiri chimene chatsala ndi kuyendetsa `ldconfig`, ntchito imene pa kompyuta ya kusukulu ndi ya woyang'anira makinawo. Wachibale wake ndi uthenga wonena kuti GLIBC_2.34 sinapezeke. Umenewu umabwera mukapanga compile pa Linux yatsopano n'kupita ndi pulogalamu pa yakale, mwachitsanzo kuchokera pa Ubuntu 22.04 imene ili ndi glibc 2.35 kupita pa Ubuntu 20.04 imene ili ndi 2.31. Pulogalamu yopangidwa pa yakale imayenda pa yatsopano, koma kubwerera m'mbuyo sizitheka. Musayese kusintha glibc pamanja. Pafupifupi lamulo lililonse la pa kompyutayo limaidalira, ndipo mukaiphonya ngakhale `ls` imasiya kugwira. Pangani compile pa kompyuta yakaleyo.

Tibwerere tsopano ku manambala awiri aja osonyeza kuti pulogalamu inayamba n'kugwa. Mwina mufunsa kuti, ngati inayamba, bwanji mawu oyambirira sanaoneke? Mawu amene mwatumiza ndi `cout` kapena `printf` safika pa sikirini nthawi yomweyo nthawi zonse. Akhoza kusungidwa kaye mu buffer, makamaka ngati sakupita ku terminal mwachindunji, ndipo pulogalamu ikagwa asanatulutsidwe amafera momwemo. Choncho kusaoneka kwa mawu si umboni woti mzerewo sunafikidwe. Pofufuza gwiritsani ntchito `cerr`, imene imatulutsa mawu nthawi yomweyo, kapena ikani `endl` kumapeto.

Nambala ya -1073741819 ikutanthauza kuti pulogalamu inakhudza memory imene si yake: pointer yopanda kolozera, kapena kuwerenga kupitirira malire a array. Pa Linux zomwezo zimatchedwa "Segmentation fault" ndipo nambala yake ndi 139. Ya -1073741571 ndi stack yosefukira (stack ndi danga laling'ono la memory losungira ma variable a mkati mwa function), ndipo imeneyi ndiyo imafanana kwambiri ndi zimene mwafotokoza, chifukwa imapha pulogalamu mzere woyamba usanayende. Tiyerekeze kuti mwalemba `int a[1000000];` mkati mwa `main`. Manambala 1,000,000 a ma byte 4 iliyonse ndi pafupifupi 4 MB. Pa Windows stack imakhala 1 MB kapena 2 MB malinga ndi linker, pomwe pa Linux kawirikawiri imakhala 8 MB. Code yomweyo imayenda bwino kusukulu n'kumafa kunyumba, wophunzira n'kumaganiza kuti laputopu yake ndi yodwala. Compiler sidandaula chifukwa malamulo a chilankhulo sanaphwanyidwe. Gwiritsani ntchito `vector`, imene imatenga malo kwina kumene kuli danga lalikulu, kapena tulutsani array imeneyo kunja kwa `main`. Function yodziitana yokha popanda polekera imabweretsanso nambala yomweyi.

Mukafika apa, zida zanu ndi ziwiri. Pangani compile ndi `-Wall -Wextra -g` nthawi zonse, ndipo muziwerenga machenjezo ngati kuti ndi zolakwika, chifukwa ambiri mwa iwo ndi zolakwikadi zimene sizinaphulike. Kenako gwiritsani ntchito gdb, chida chofufuzira pamene pulogalamu yagwera: lembani `gdb ./main`, mkatimo lembani `run`, ndipo ikagwa lembani `bt`. Ikuonetsani fayilo ndi nambala ya mzere pamene yafera. Ophunzira ambiri amaopa gdb, koma malamulo awiri okhawa amathetsa mavuto ochuluka zedi. Pa Linux onjezaninso `-fsanitize=address`, imene imagwira kusefukira kwa array pamalo penipeni pamene kwachitikira, osati patsogolo pamene zotsatira zake zaonekera. Pa g++ ya MinGW imeneyi sigwira, ndiye muziyesera kusukulu.

Bwanji ngati nambala ndi 0 koma simukuonabe kanthu, kapena pulogalamu ikungokhala osabwerera? Apa pali tizifukwa ting'onoting'ono timene timadya nthawi ya anthu. Koyamba n'kusasunga fayilo. Compiler imawerenga zimene zili pa disiki, osati zimene zili pa sikirini, ndipo kadontho koyera pa dzina la fayilo mu VS Code kakutanthauza kuti simunasunge. Kena n'kuyendetsa exe yakale. Pulogalamu yoyamba ikakhala kuti ikuyendabe kumbuyo, Windows silola kuti fayilo yake ilembedwenso, linker imati "cannot open output file main.exe: Permission denied", ndipo munthu amene sanawerenge uthengawo amayendetsa yadzulo n'kumadabwa kuti zosintha zake zapita kuti. Yang'anani nthawi imene exe inalembedwa, ndipo ngati ndi yakale, tsekani yoyendayo mu Task Manager. Amene anaika Code Runner mu VS Code adziwenso kuti imaonetsa zotsatira mu gawo la Output, m'mene simungalembe kanthu, choncho pulogalamu yodikira `cin` imaoneka ngati yauma pomwe ikudikira inu. Yatsani Run In Terminal m'makonzedwe ake. Ndipo ngati pulogalamu yanu imatsegula fayilo monga data.txt, dziwani kuti imaifuna mu foda imene terminal ili, osati imene muli code. Muzifunsa mu code ngati fayilo yatsegukadi, ndipo ikakanika pulogalamu inene.

Za antivirus ndinenepo pang'ono. Nthawi zina Microsoft Defender kapena ina imakayikira exe yongopangidwa kumene n'kuichotsa kapena kuiletsa. Chizindikiro chake n'chakuti fayilo imaoneka kenako n'kusowa. Onani mu Protection history ya Windows Security. Ngati ilimo, patulani foda imodzi yokha ya ntchito zanu kuti isamayang'anidwe, ndipo musamaikemo zimene mwatenga pa intaneti. Kuzimitsa antivirus yonse chifukwa cha ntchito ya kusukulu n'kuika laputopu yanu pachiswe popanda chifukwa. Foda imeneyo ikhale ndi dzina lalifupi lopanda mipata, monga `C:\code`, ndipo ikhale kunja kwa OneDrive, imene nthawi zina imagwira fayilo pa nthawi imene linker ikufuna kuilemba.

Ngati mwasokonezeka kuti muyambire pati, pangani foda yatsopano, lembani pulogalamu ya mizere isanu yongoonetsa moni, ndipo muipange compile ndi kuiyendetsa pamanja mu PowerShell, VS Code ili yotseka. Ikayenda, compiler yanu ili bwino, ndipo vuto lili mu code yanu yaikulu kapena m'makonzedwe a VS Code. Ikakana, code yanu ilibe mlandu, bwererani ku PATH. Muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa. Mukasintha zitatu pakamodzi ndipo zayenda, simudziwa chimene chakonza, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambira pomwe munayambira.

Pali nthawi zimene muyenera kusiya kulimbana nokha. Ngati kompyuta ndi ya sukulu kapena ya kuntchito ndipo ikunena kuti pulogalamu yaletsedwa ndi woyang'anira, limenelo ndi lamulo loikidwa dala, ndipo woyenera kumuona ndi woyang'anira makinawo, osati kufufuza njira yozembera. Ngati laputopu yanu ili mu S mode ya Windows, siyendetsa mapulogalamu ochokera kunja kwa Microsoft Store, ndipo kutulukamo kulibe kubwerera, choncho funsani kaye mwini wake ngati si yanu. Ngati mapulogalamu ena amene anali kuyenda bwino ayambanso kugwa, kapena laputopu ikuzima yokha pa nthawi ya compile, pamenepo pokha ndiye tikhoza kukayikira memory, disiki kapena kutentha, ndipo wokonza makompyuta aione. Zimene mwalembazi sizikuloza kumeneko.

Mukayesa zonsezi koma osaphula kanthu, lemberaninso kapena pitani kwa mphunzitsi wanu, koma musapite ndi mawu oti "ikukana" okha. Tengani lamulo lenileni limene munalemba popanga compile, zonse zimene terminal inayankha mutazikopera ngati mawu osati chithunzi chojambula ndi foni, nambala ya `$LASTEXITCODE` ya mu PowerShell ndi ya mu VS Code, zotsatira za `g++ --version`, `where.exe g++` ndi `where.exe libstdc++-6.dll`, komanso code yaifupi kwambiri imene ikuonetsabe vutolo. Munene ngati pulogalamu ya moni ija inayenda, ndiponso ngati `-static` inasintha kanthu.